Soketi sakokera pa swichi ya babu!

Ndakwiya abale, ndipo sindibisa. Mchemwali wanga anaitana munthu woti ndi mmisiri wa magetsi kuti amuikire soketi ina kukhitchini. Bamboyo anangoona swichi ya babu ili pafupi, n'kukokera waya pomwepo, n'kulandira zake, ulendo. Usiku atathimitsa babu, filiji nayo zii. Kutacha zonse zinali zitasungunuka. Titathimitsa main switch n'kutsegula kabokosi ka swichiyo, pulasitiki ya waya inali itayamba kale kuda, kafungo ka zopserera kali guu, chifukwa masana ankaphitsira pomwepo ketulo.

Soketi sakokera pa swichi ya babu. Ndikubwerezanso, waya wotuluka mu swichi ndi wa babu basi! Magetsi amafikamo pokhapokha swichi ikayatsidwa. Ndiye filiji izidikira kuti munthu ayatse babu? Ndi nzeru zanji zimenezo?

Komatu kuthima kwa filiji n'kochepa. Waya wa mababu nthawi zambiri amakhala wa 1.5mm² kapena wocheperapo, ndipo breaker yake, kaswichi kaja kamagwa kokha n'kudula magetsi katundu akachuluka, imakhala ya ma amp 6 kapena 10. Masoketi amafuna waya wa 2.5mm² ndi breaker yawoyawo. Ketulo ya mawati 2000 pa mavoti 230 imakoka ma amp pafupifupi 9 payokha. Onjezanipo ayironi, muone. Breaker ikayamba kugwa, mmisiri yemwe uja amabwera n'kuikapo yaikulu kuti isamavute. Apo ndiye mwachotsa mlonda, waya azingotentha m'khoma mwakachetechete inu muli mtulo ndi ana.

Chinanso, m'mabokosi ambiri a swichi mulibe neutral (waya wobweza magetsi, amene soketi imafunanso kuti igwire ntchito), muli live wolowa ndi wobwerera ku babu. Ndiye ena akasowa neutral amangolumikiza ku earth. Earth! Waya woti ateteze moyo wanu, iwo n'kumusandutsa msewu wa magetsi tsiku lililonse. Tsiku limene adzaduke penapake, chitsulo cha filiji chidzakugwirani. Zonsezi chifukwa cha ulesi wokwera kudenga ndi kuumira waya wa mamita ochepa chabe.

Safunsa anadya phula. Musanalipire mufunseni munthuyo: waya mwamutenga kuti? Ndi wa saizi yanji? Earth alipo? Akuonetseni breaker ya soketiyo, muigwetse nokha, muone ngati mababu akuyakabe. Akayamba zoti "bwana osadandaula, timapanga chonchi nthawi zonse", mutsegulireni chitseko azipita. Soketi yatsopano ichokere ku mzere wa masoketi anzake ngati ungakwanitse katunduyo, apo ayi ikokedwe yokha kuchokera ku DB, bokosi la ma breaker onse a m'nyumba. Osati pa swichi ya babu, ayi.

Ndipo inu amene mumapotokola mawaya awiri, n'kukulunga ndi tepi, n'kumata pulasitala pamwamba popanda junction box (kabokosi kolumikiziramo mawaya), mumaganiza kuti adzakumbe khomalo ndani pakadzachita shoti?