Pemphero la makolo a ana odwala sikoselo, m'nyengo yachisanu

Atate wakumwamba, tabwera. Juni wafika, chisanu chagwa kuno ku Ulongwe, ndipo mukudziwa kuti ife makolo a ana a sikoselo, nthenda ya magazi ija, mwezi uno tulo sitiliona.

Inu amene munatiumba m'mimba mwa amayi athu, mmisiri ndinu. Selo lililonse, kachipinda kosaoneka ndi maso komanga thupi, munalikuta ndi nembanemba yopyapyala, mafuta oyalana mizere iwiri, timitu kuyang'ana kumadzi, timichira kubisala m'kati. Simunaimange ngati chipupa cha njerwa ayi. Munaisiya yofewa, mapuloteni akuyandama m'menemo ngati mabwato pa Zambezi, ena n'kukhala zitseko zolowetsa mchere ndi shuga. Kolesterolo, mtundu wina wa mafuta, munamuika pakati kuti kukatentha isalobodoke, kukazizira isaume gwa. Asayansi Singer ndi Nicolson anazifotokoza mu 1972, ine ndimazijambula pa bolodi chaka ndi chaka, koma woluka ndinu.

Selo lofiira la magazi limadzipinda n'kudutsa m'timitsempha topapatiza kuposa ilo, masiku 120 osatopa. Koma maselo a mwana wanga, Ambuye! Hemoglobini, puloteni yonyamula mpweya, ikalimba m'kati imakankha nembanemba ija, selo n'kupindika ngati zenga, n'kukanirira panjira, masiku 20 osakwana lafa. Usiku wadzulo amangoti "mafupa, ababa, mafupa," maso ali chikasu, ine ndikumusisita miyendo ndi nsalu yofunda. Timvereni chisoni. Fewetsani chimene chauma, tsegulani pamene patsekeka, Inu munati moyo uli m'mwazi.

Ndilape, Atate. Ndinaloza chala apongozi anga kuti amulodza. Ine mphunzitsi, wodziwa bwinobwino kuti nthendayi mwana amatengera kwa bambo ndi mayi omwe! Theka lake ndi langa. Zaka ziwiri sindinaponde pakhomo pawo. Chotsani mtima wamwalawu monga munalonjezera mwa Ezekieli, mundipatse mapazi opita kukapepesa.

Ndipo inu onong'ona kuchigayo kuti banja lino lili ndi tsoka, lekani! Simunamve zimene Yesu anayankha za munthu wobadwa wosaona uja?

Tikumbutseni kuwamwetsa madzi anawa ngakhale akukana. Bulangete lisasowe. Kwa abale a ku Tsangano ndi ku Domue, ululu ukayamba pakati pa usiku, njinga yamoto ipezeke, mafuta akhalemo, ndipo kuchipatala akapeze magazi. Simugona, simuwodzera, khalani pamphasa pa ana athuwa kufikira kucha.

M'dzina la Yesu, Amen.