Maganizo anga: ana a ku sekondale aphunzire nyimbo mozama, koma ayambire pa khutu

Pali anthu amene amanena kuti kuphunzitsa mwana wa ku sekondale zakuya za kapangidwe ka nyimbo n'kutaya nthawi, poti luso loimba munthu amachita kubadwa nalo, ndipo wofuna kudziwa zambiri akazipeza ku yunivesite. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Mwana wa Fomu 3 amene amalimbana ndi masamu a trigonometry mpaka kuwagonjetsa sangalephere kumvetsa chifukwa chimene mawu anayi a kwaya amagwirizanirana, kapena njira imene nyimbo imadzera pochoka m'kiyi ina kulowa m'kiyi ina (kiyi ndiyo malo amene do wa nyimbo wakhazikika). Chovuta si mutu wa mwanayo ayi, koma kaphunzitsidwe kake.

M'mayiko ena phunziroli ndi la achinyamata a msinkhu womwewu. Ku America kuli phunziro la AP Music Theory limene bungwe la College Board limalembetsa mayeso ake kwa ana a sekondale, ndipo pa mayesowo mwana amamvetsera nyimbo n'kuilemba pa pepala, amaimba manotsi amene sanawaonepo, komanso amapatsidwa mzere umodzi wa nyimbo kuti apangirepo mawu ena ogwirizana nawo. Bungwe la ABRSM la ku London, limene mayeso ake amalembedwa m'mayiko ambiri, sililola woimba chida kulowa mayeso a Grade 6 asanasonyeze kuti akumvetsa kapangidwe ka nyimbo, ndipo njira yodziwika kwambiri yosonyezera zimenezi ndiyo kukhoza Grade 5 ya theory, ndiye kuti phunziro la malamulo a kapangidwe ka nyimbo. Kwathu kuno nyimbo zimangonunkhizidwa ku pulayimale mkati mwa Expressive Arts, ndipo ana ochuluka akafika ku sekondale sakumananso nazo m'kalasi, kupatula ku kwaya ya sukulu madzulo ataweruka.

Komabe tisadziyese osauka pa nkhani imeneyi, chifukwa maziko tili nawo kale, ndipo ndi olimba kuposa mmene timaganizira. Maziko ake ndi solofa. Njira yolembera nyimbo ndi zilembo za do, re, mi, fa, so, la, ti inafalitsidwa ku England ndi mbusa John Curwen kuyambira m'ma 1840, potengera ntchito ya mayi Sarah Glover a ku Norwich, ndipo inafika kuno ndi amishoni, monga a Livingstonia amene anabwera mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876. Lero mukalowa m'tchalitchi Loweruka masana mupeza mphunzitsi wa kwaya atalemba d : r . m pa bolodi long'aluka, akumenya benchi ndi kamtengo posunga nthawi, kwinaku asopulano, aaluto, atena ndi abesi atakhala m'magulumagulu, aliyense akung'ung'udza mzere wake. Mtsikana wa zaka 15 wokulira m'kwaya yotere amadziwa kuti madontho awiri amalekanitsa kugunda kumodzi ndi kunzake, kuti dontho limodzi limagawa kugundako pakati, ndiponso kuti kamzere kakutanthauza kukoka mawu. Koposa zonse, iye amamva do m'mutu mwake ngakhale palibe chida chikulira. Ana ambiri a ku Ulaya amene anayamba ndi piyano luso limeneli amalipeza movutikira.

Pamene timakakamira ndi apa: tikafika pa ma chord atatu, ndiye kuti magulu atatu a mawu olira pamodzi, timaima. Mawu a do, mi, so akalira pamodzi, kenako fa, la, do, kenako so, ti, re, n'kubwereranso pa do, mi, so, ambiri amayesa kuti nyimbo zathera pomwepo. Tamvetserani nyimbo zauzimu zimene zimajambulidwa m'masitudiyo athu, mudzapeza kuti zochuluka zimazungulira pa katatu kameneka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sindikunyoza, chifukwa pa ma chord atatu omwewa patuluka nyimbo zokoma zimene tonse timalira nazo pamaliro ndi kuvina nazo paukwati. Koma taonani mnyamata wa kiyibodi amene zala zake zinazolowera kiyi imodzi yokha: wotsogolera nyimbo akangoyambira pamwamba, iye amathamangira kabatani ka transpose kosinthira kiyi, n'kumadina akufunafuna pamene pali mawuwo, mpingo wonse ukudikira. Mnyamata ameneyu khutu ali nalo lakuthwa ndithu, kungoti palibe anamufotokozera kuti makiyi onse 12 amamangidwa m'njira yofanana, ndipo kuti chimene akuchita mu kiyi yakeyo angachichite paliponse.

Phunziro lozama limayambira pomwe iye waimirapo. Limamuonetsa kuti ti ndi fa zikalira pamodzi zimakhala ngati zikukangana, ndipo khutu silipuma mpaka ti atakwera kupita pa do, fa n'kutsikira pa mi. Mphamvu yambiri imene timamva nyimbo ikamatha imachokera pa kayendedwe kakang'ono kameneka. Limamuonetsa kuti pamalo pobwerera pa do, mi, so angathe kugwera pa la, do, mi, omvera n'kudzidzimuka pang'ono poona kuti nyimbo imene amayesa kuti yatha ikupitirira. Limamuuza chifukwa chimene Ameni wa kumapeto kwa nyimbo ya m'buku amamvekera modekha chotere, poti amachoka pa fa, la, do osati pa so, ti, re. Limamasuliranso kachilembo kaja ka fe kamene oimba kwaya amakaopa: fa akakwezedwa pang'ono n'kusanduka fe, amakokera khutu kwa so, mpaka so amayamba kumveka ngati do watsopano, ndipo pamenepo nyimbo yasamukira m'kiyi ina popanda wodina batani. Mwana akamva zimenezi ndi khutu lake, n'kuziona zitalembedwa, sabwereranso m'mbuyo. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo khutu la munthu wa zaka 16 limaphunzira msanga kuposa la wa zaka 30.

Solofa yekha sakwanira, ndipo apa ndikudziwa kuti aphunzitsi ena a kwaya andikwiyira. Manotsi olembedwa pa mizere isanu amaonetsa ndi maso mmene mawu akukwerera ndi kutsika, amaonetsa mtunda umene uli pakati pa tena ndi besi, ndipo ndi chilankhulo chimene woimba lipenga wa bandi ya asilikali, woimba vayolini wa ku Johannesburg ndi wa piyano wa ku Seoul onse amawerenga mofanana. Mwana wodziwa solofa sachedwa kuwoloka kupita ku mizereyo, bola mphunzitsi asamuuze kuti ataye zimene akudziwa kale.

Chimene ndimaopa n'chakuti phunziroli lingalowe m'sukulu zathu n'kusanduka ngati maphunziro ena amene mphunzitsi amalemba manotsi bolodi lonse, ana n'kukopera, n'kuloweza tanthauzo la cadence, kathedwe ka mzere wa nyimbo, popanda kuimva ikulira ngakhale kamodzi. Kumeneko ndiye kutaya nthawi kwenikweni, ndipo kuli bwino kusayamba n'komwe. Ena adzati sukulu zathu zilibe piyano, zina zilibe ndi magetsi omwe. N'zoona, koma kalasi ya ana 60 ndi chida chokwanira. Agaweni panayi, gulu lina ligwire so, lina ti, lina re, lina fa, akoke mawuwo mpaka aliyense amve kusakhazikika kwake, kenako muwalole atsikire pa do, mi, so. Lamulo lililonse limene lalembedwa pa bolodi liimbidwe tsiku lomwelo, ndipo mwana aliyense amene walemba mizere inayi ya nyimbo yake aimve anzake akuiimba, ngakhale itamveka mosokonekera, chifukwa kuseka kwa anzakewo kudzamuphunzitsa zambiri kuposa cholembera chofiira.

Pali nkhani inanso imene imandikhudza kwambiri, ndiyo ya eni malamulowo. Zambiri zimene mabuku a theory amaphunzitsa zinatengedwa pa kalembedwe ka anthu a ku Ulaya a zaka za m'ma 1700 ndi 1800, makamaka nyimbo za kwaya za Johann Sebastian Bach wa ku Germany, amene anabadwa mu 1685 n'kumwalira mu 1750. Mwa malamulowo muli lakuti mawu awiri otalikirana masitepe asanu asayendere limodzi mondondozana, poti akatero amamveka ngati mawu amodzi, pamene cholinga cha kalembedwe kameneko n'chakuti mzere uliwonse uziima pawokha. Lamuloli ndi labwino pa ntchito yake. Koma m'madera ambiri a Afirika muno mawu oyendera limodzi ndiwo kukoma kwa nyimbo, ndipo chifukwa china n'chakuti zilankhulo zathu zimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu, kotero woimba wachiwiri akatsika pamene woyamba akukwera, mawu a nyimboyo amamveka mwachilendo. Mphunzitsi amene angauze mwana kuti amayi oimba pamtondo kapena pachinamwali amalakwitsa, chifukwa sakutsata Bach, waphunzitsa bodza. Anene momveka kuti awa ndi malamulo a mtundu umodzi wa nyimbo, ndipo palinso mitundu ina yokhala ndi malamulo ake.

Malamulo athuwo ndi ozama mokwanira kudzaza teremu yathunthu. Piyano imagawa mtunda wochoka pa do kufika pa do wapamwamba m'zigawo 12 zofanana, chilichonse cha masenti 100 pa muyeso umene akatswiri amagwiritsa ntchito. Valimba wa ku Chigwa cha Shire, chida cha mitengo yosema yoimba pomenya, amagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 pafupifupi ofanana, lililonse la masenti pafupifupi 171, n'chifukwa chake munthu wozolowera kiyibodi amayesa kuti chidacho sichinachunidwe bwino, pamene mmisiri wake anasema mtengo uliwonse mpaka unalira monga anafunira. Mangolongondo a Ayao, chida chinanso cha mitengo yomenya, amaimbidwa ndi anthu awiri okhala moyang'anana, wina akumenya m'mipata imene mnzake wasiya, mpaka khutu limamva nyimbo yachitatu imene palibe mwa awiriwo akuiimba yekha. Ng'oma za gule wamkulu, vimbuza ndi tchopa, magule amene UNESCO inawazindikira, zili ndi kagundidwe kolukanalukana, katatu kakuyendera pamodzi ndi kawiri, kamene mwana angathe kukawerenga, kukalemba ndi kukayerekeza ndi kagundidwe kamene m'buku kamalembedwa 6/8. Zinthu zimenezi zinafufuzidwa kale: Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo zambiri m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo Gerhard Kubik wa ku Austria, pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi, analemba zochuluka za zida zathu komanso za kaimbidwe ka Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. N'zomvetsa chisoni kuti ophunzira a ku Vienna amazidziwa bwino kuposa ana a ku Chileka komweko.

Funso la aphunzitsi ndi lenileni, koma silosowa yankho. Ku University of Malawi ku Zomba nyimbo zimaphunzitsidwa, ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kuli digiri ya African Musicology, ndipo ku Lilongwe kuli sukulu ya Music Crossroads. Achinyamata otuluka m'malo amenewa alipo, ndipo ena a iwo akuphunzitsa Chingerezi kapena Social Studies poti phunziro lawo lilibe malo pa ndandanda ya sukulu. Mayunivesite omwewa angapindule, chifukwa m'malo moyamba ndi kuphunzitsa mayina a manotsi m'chaka choyamba, angalandire ana amene afika atadziwa kale kulemba mawu anayi.

Sindikunena kuti mwana aliyense akakamizidwe. Likhale phunziro losankha mu Fomu 3 ndi 4, kwa amene mtima wawo uli pamenepo. Pempho langa kwa a MANEB ndi okonza silabasi n'lakuti mayeso ake asakhale a pa pepala pokha, chifukwa tonse tikudziwa kuti mphunzitsi amaphunzitsa zimene zimabwera pa mayeso. Theka la malikisi lichokere pa kumvetsera nyimbo n'kuilemba, pa kuimba mzere umene mwana sanauonepo, ndi pa nyimbo imene wapeka yekha, imodzi ya mawu anayi ndi ina yotsata kagundidwe ka gule wa kwawo. Woyesa mayesoyo afike pa sukulu n'kumumva mwanayo akuimba, monga mmene zimakhalira ndi mayeso a mu labotale pa maphunziro a sayansi.