Ngalande si dzala lanu, anthu inu

Mvula yangogwa kamodzi kokha, ya chizimalupsa, koma kuno ku Ndirande mayi wina wachezera chiimirire usiku wonse, mwana kumsana, madzi m'nyumba akulekeza m'maondo. Musanamizire mtsinje wa Nasolo, sunasefukire. Inali ngalande ya kuseri kwa nyumba yake, yotsekeka ndi zinyalala zanu. Anyamata atalowamo ndi makasu m'mawa mwake anavuula majumbo, mabotolo, matiresi ong'ambika, galu wakufa, ndi matumba a mapampasi omangidwa bwinobwino kukamwa. Omangidwa! Ndiye kuti munthu wamkulu, wanzeru zake, anakhala pansi n'kumanga thumba, n'kudikira kuti kude, n'kukaliponya kuseri kwa mnzake.

Kodi manyazi anapita kuti?

Mukafunsidwa, yankho ndi lomwe lija: mvula ikokolola. Ikokolola n'kupita nazo kuti, kumwamba? Zimatsikira kwa mnzanu wa kumunsi, zotsala n'kulowa mumtsinje wa Mudi. Kaimeni pamlatho muone ngati mungasambemo m'manja. Ku Lilongwe n'chimodzimodzi, mtsinje umene unapatsa likulu dzina lake pafupi ndi msika mwadzaza makoko ndi majumbo, pamtunda pake anthu akukazinga tchipisi.

Nanga inu a m'minibasi, mukatha kukukuta chimanga chootcha, chitsononkho n'kuchiponya pawindo osacheuka? Ndipo musaloze osauka okha. Ena mumatsitsa galasi la galimoto yamtengo wapatali, tayi ali pakhosi, botolo n'kuliponya pamsewu. Sukulu yonse ija munaphunzirako chiyani? Ena mumapatsa kamnyamata ka ganyu kandalama kuti kachotse zinyalala pa wilibala, osafunsa kumene kakukataya. Mukuganiza kuti kakafika wapansi ku Mzedi, kumene khonsolo imataya zinyalala? Mukudziwa bwino kuti kakangokhota, kakhuthula pamlatho. Wataya ndinu, kamwanako mwangokatuma.

Eni nyumba za lendi, inu ndiye ndikuuzeni. Pulotu yonse mwaidzaza zipinda mpaka kumpanda, mabanja khumi chimbudzi chimodzi, malo okumba nkhuti osasiya ngakhale phazi limodzi. Kutha kwa mwezi mumalawirira kudzatolera ndalama. Anthu anuwo azitaya kuti zinyalala, m'thumba mwanu?

Ndikudziwa, muyamba zoti galimoto za khonsolo sizifika kuno. N'zoona, n'zochepa, ndipo tauni yakula kuposa mphamvu zawo. Mabini a pamsika amachita kusefukira mpaka agalu kumangapo mudzi. Akhansala tiwafunse ndithu, misonkho ya pamsika timapereka. Koma galimoto ikapanda kubwera, ndiye chilolezo choti mukakhuthulire m'ngalande? Zambiri mwa zimene mukutayazo ndi makoko a mbatata, masamba, madeya ndi mikute, zinthu zowola. Makolo athu ankazikwirira n'kupeza manyowa. Inu mukuzitaya, mawa lake n'kumalira kuti feteleza wadula.

Kolera mwaiwala kale? Inayamba mu Marichi 2022, ndipo pomwe inkazilala inali itatenga anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Tinaika abale athu mothamanga, osasambitsa thupi, osagona pasiwa, mwambo wonse kuusiya. Nthawi imeneyo aliyense anali ndi ndowa ndi sopo pakhomo. Lero thumba la mapampasi lili phululu pafupi ndi chitsime, ntchentche zikunyamuka pamenepo kukatera pa mandasi amene mwana wanu agule popita kusukulu. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma inu nkhwangwayo inakutemani kale, simukumvabe.

Majumbo opyapyala aja boma linawaletsa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Komabe tomato wa mulu umodzi jumbo, anyezi jumbo lina, makala jumbo linanso. Dengu likulemerani? Kafunseni opha mbuzi zimene amapeza m'chifu akang'amba. Mu 2020 kunakhazikitsidwa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri mwezi uliwonse. Munasesa pamene panali makamera, atachoka matsache n'kuwapachika.

Ndiye pali inu anzeru zotentha. Dzuwa likangopendeka mwasonkha mulu wa mapulasitiki, matayala ndi mapampasi onyowa amene sayaka n'komwe, amangofuka mpaka mbandakucha. Utsiwo ukulowa m'nyumba za anzanu momwe muli makanda ndi agogo odwala mphumu. Mawa muli pamzere kuchipatala, mwana akubanika, mukuti pali wina wamulodza. Wamulodza ndani? Machesi anali m'manja mwa ndani?

Tikuuzeni kangati? Ndinu akuluakulu, ndevu ndi imvi zomwe. Lekani uve!