Ndege yoyamba kumanga: sankhani imene mungathe kuikonza kuno ku Chipata

Abale anga a kuno ku Chipata, Katete, Petauke mpaka ku Lundazi, inu amene mtima wanu uli pa tindege ta rimoti toyendera batire, musagule ndege chifukwa chakuti yaoneka bwino pachithunzi. Gulani imene ikagwa Loweruka m'mawa, pofika madzulo mukhala mutaimata kale ndi zinthu zopezeka pa Kapata Market. Ndalemba izi chifukwa achinyamata amene amandifunsa za nkhaniyi, ambiri amabwera atasunga kale pafoni chithunzi cha Spitfire, ndege yankhondo yakale ya ku Britain, kapena cha jeti, ndipo zimandimvetsa chisoni ndikaganiza za ndalama imene atsala pang'ono kutaya.

Spitfire ndi yokongola, sindikana. Koma mapiko ake ali pansi pa thupi, ndipo kuti ikhale m'mwamba imafuna liwiro. Liwiro likangochepa pokhota, phiko limodzi limagwa, ndege n'kuzondoka, ndipo munthu amene zala zake sizinazolowere alibe nthawi yoti aganize. Ndege ya wophunzira iyenera kukhala ndi mapiko pamwamba, thupi likulendewera kunsi kwake, nsonga za mapiko zitakwera pang'ono mwa mawonekedwe a chilembo cha V chotambasuka. Yotereyi ikapendekeka, inu n'kusiya timitengo ta rimoti, imayamba kudziwongola yokha. Mapiko akhale a pakati pa mita 1.2 ndi mita 1.5 kuchoka nsonga ina kufika inzake, kulemera kwake kusapitirire kilogalamu imodzi. Yaing'ono kwambiri mphepo imaiseweretsa, ndiponso ikapita patali simuona ngati ikubwera kapena ikupita.

Kupepukaku kuno kwathu n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mpweya wathu ndi wopyapyala kuyerekeza ndi wa ku Beira kapena Dar es Salaam. Muwonjezepo kutentha kwa mu Okutobala, mpweyawo umapyapyalirabe. Phiko limanyamula zochepa, pulopela imakoka zochepa, ndipo ndege yolemera imene muvidiyo ya ku England imanyamuka mosavuta, kuno idzafuna kuthamanga kwambiri isanachoke pansi.

Chachiwiri chimene ndimaumirira ndi malo a mota. Ndege imene pulopela yake ili kumphuno, ikagwa chamutu chinthu choyamba kugunda pansi ndi pulopela, kenako chitsulo cha mota chimapindika. Mota yopindika simuiwongola ndi pulayazi n'kumati yachira, imanjenjemera mpaka kalekale. Pali ndege zimene mota yake imakhala pamwamba, kumbuyo kwa phiko, ikukankha m'malo mokoka, monga EasyStar ya Multiplex ndi Bixler. Izi zikagwa, chophwanyika ndi mphuno ya foam (pulasitiki yopepuka yonga siponji) basi, ndipo imeneyo guluu ndi tepi zimaibwezeretsa. Zilibenso mateyala. Mumaiponya ndi dzanja, imatera ndi mimba pa udzu. Mabwalo athu a mpira ambiri ndi a zigulumwa ndi ziputu za udzu, timateyala ta ndege ya mita imodzi sitingayendepo.

Tsopano funso lenileni la amene akufuna kumanga: balsa kapena foam?

Ndimaukonda mtengo wa balsa, mtengo wofewa ndi wopepuka kwambiri. Kudula tinthiti ta phiko, kutindandalika papulani, kuvindikira ndi pepala lapulasitiki lokoka ndi ayironi, mpaka chinthucho chitaoneka ngati ndege yeniyeni, ndi ntchito yokoma kwambiri. Koma balsa wochuluka wa padziko lapansi amachokera ku Ecuador, ndipo kuno simungalowe mu hadiweya n'kumupeza. Ndege ya balsa imadya masabata kuimanga, ikagwa imasweka tizidutswatizidutswa, ndipo kukonza kwake kumafuna balsa wina amene mulibe. Munthu amene wamanga mwezi wathunthu n'kuiwona ndegeyo itanyenyeka pa sekondi ya 20, kawirikawiri sabwereranso. Chifukwa chake ndimati balsa ikhale ndege yanu yachiwiri kapena yachitatu, zala zitadziwa kale ntchito.

Foam ili m'mitundu. EPP ndi yofewa, imapindika n'kubwerera, ndiyo yopirira nkhonya kuposa zonse. EPO ndi yosalala ndi yolimbirapo, ndipo ndege zambiri za ophunzira zimapangidwa ndi imeneyi. Palinso foam board, ija yopyapyala ya mamilimita 5 yomatidwa pepala mbali zonse ziwiri. Gulu la Flite Test la ku Ohio, ku America, linatchuka chifukwa chopanga ndege ndi foam board imeneyi, ndipo mapulani a ndege zawo zambiri, monga Tiny Trainer, anawaika pa intaneti kuti aliyense asindikize n'kudula yekha.

Apa ndi pamene ndimaona mwayi wathu. Bokosi la ndege ya foam ndi lopepuka koma ndi lalikulu, ndipo onyamula katundu amalipiritsa potengera kukula kwa bokosi, osati kulemera kokha. Likafika ku Lusaka pali msonkho, kenako liyende makilomita opitirira 500 pa Great East Road pansi pa basi, pamodzi ndi matumba a anthu ena. Pamene zamagetsi zonse za ndege, mota, ESC (kachipangizo koyendetsa liwiro la mota), tima servo (timamota tosuntha ziwongolero) ndi risiva (yolandira uthenga wa rimoti), zimakwana m'kabokosi kakang'ono konyamula ndi dzanja limodzi. Choncho ngati thumba lili lochepa, itanitsani zamagetsi zokha, thupi la ndege mudule nokha. Mwana amene anakula akupinda galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chogwira ntchito, kudula phiko motsata pulani sikungamukanike. Ndipo Chipata ndi mzinda wa njinga: sipoko ya njinga imagwira bwino ntchito ya kawaya kokankha chiwongolero cha kumchira, mphira wa chubu wodulidwa mopyapyala umamanga phiko kuthupi. Kumanga phiko ndi mphira kuli ndi ubwino wake, ndege ikagunda pansi phiko limangosuntha m'malo mothyoka.

Pa guluu samalani. Supa guluu wamba amasungunula foam ina, makamaka yoyera yophulika timibulu ija imabwera m'mabokosi a mafiriji, ndiye yesani kaye pa kachidutswa. Guluu wotentha wa kamfuti amagwira msanga ndipo ndi amene amagwiritsidwa ntchito pa foam board, koma ndege mukaisiya m'galimoto yotseka padzuwa la mu Okutobala amafewa, mchira n'kupindika. Foam board nayo imadana ndi madzi, pepala lake limamatuka ndi mame a m'mawa. Ikuteni yonse ndi tepi yomatira makatoni isanauluke.

Pogula muonanso zilembo zimene zimasokoneza anthu. RTF ndi ndege yobwera ndi zonse, rimoti yomwe. PNP ili ndi mota, ESC ndi ma servo oikidwa kale, koma rimoti, risiva, batire ndi chaja n'zanu. Yolembedwa kuti kit nthawi zambiri ndi thupi lokha. Werengani bwino zimene zili m'bokosimo musanalipire, chifukwa mtengo wotsika uja kawirikawiri ndi wa thupi lopanda kanthu m'kati.

Ndalama yambiri ikani pa rimoti. Ndege zimabwera n'kupita, koma rimoti yabwino imakhala nanu zaka. Tirimoti tobwera ndi RTF zotchipa nthawi zambiri timagwira pa ndege yomweyo yokha. Pezani ya 2.4 GHz ya machanelo 6, monga FlySky FS-i6 imene ophunzira ambiri padziko amayambira, ndipo sankhani ya Mode 2, imene mphamvu ya mota ili kudzanja lamanzere, popeza mavidiyo ambiri ophunzitsa amatsata imeneyo. Ndege yoyamba machanelo atatu amaikwanira: mota, chokweza ndi kutsitsa mphuno, ndi chokhotetsa. Rimoti yomweyo mukhoza kuilumikiza ku kompyuta ndi kachingwe n'kumaphunzira pa simulator, pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege. Musadumphe zimenezi, chonde. Ndege ikamabwera kuloza inu, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwanu, ndipo zala zimafunika kuzolowera zimenezi pamalo pamene kugwa sikudya ndalama. Kuno anthu oti aime pambali panu n'kukulanditsani ndi osowa.

Batire ndiye nkhani imene ingakuvuteni kwenikweni. Ndege zamtunduwu zimayendera batire la lithium lotchedwa LiPo, ndipo yofala ndi 3S 2200 mAh, kutanthauza maselo atatu a 3.7V lililonse, onse pamodzi 11.1V. Imakupatsani mphindi 10 kapena 15 zouluka, malinga ndi mmene mukukankhira mota. Kuyambira mu 2016 malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse, saloleza mabatire a lithium kutumizidwa paokha ngati katundu pa ndege zonyamula anthu, n'chifukwa chake ogulitsa ambiri akunja amakana kuwatumiza kapena amakweza mtengo. Ndiye musanasankhe ndege, dziwani kaye kumene batire lake mudzalipeza. Sankhani ndege yodya batire lofalali, la pulagi ya XT60, osati ya batire lakelake limene likafa ndegeyo yatheranso pomwepo.

LiPo si batire la tochi. Selo lililonse lisapitirire 4.2V podzaza, lisatsike kufika pa 3V, ndipo ngati simuuluka kwa masabata lisungeni pa 3.8V. Chaja ikhale yolinganiza maselo. Zambiri mwa izi, monga iMAX B6, zimalandira 12V, choncho magetsi akathima mukhoza kutchaja pa batire la galimoto kapena la sola, ngakhale kubwalo komweko. Batire likatupa kapena likabooka pa ngozi, lachoka pantchito, musalimvere chisoni. Potchaja liikeni mumphika wadothi pa simenti, kutali ndi matiresi, makatani kapena denga la udzu, ndipo musachokepo. Moto wa LiPo umabuka mwadzidzidzi ndipo m'nyumba zathu mumakhala ana.

Mukamaliza kumanga, pali chinthu chimodzi chimene chimapha ndege zambiri zomangidwa bwino: kulemera kwa kutsogolo ndi kumbuyo. Ikani zala ziwiri pansi pa phiko pamalo amene pulani yanena, nthawi zambiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a phiko kuchokera kutsogolo kwake, batire lili kale m'kati. Ndege ikhale yowongoka kapena mphuno itsike pang'ono. Ngati mchira ndiwo ukutsika, musaiponye. Sunthani batire kutsogolo mpaka zitakhala bwino. Gulaninso mapulopela owonjezera ndi servo imodzi kapena ziwiri za magalamu 9 pa oda yoyamba yomweyo, chifukwa kudikira mwezi chifukwa cha kanthu kakang'ono chotere kumaziziritsa mtima.

Ena amati izi n'zoseweretsa za ana a anthu olemera. Ine ndimakana. Tsidya la malire, ku Kasungu, boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyeserako madroni mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kumanga ndi kuulutsa madroni. Mota, ESC, LiPo ndi kulinganiza kulemera zimene amaphunzira kumeneko ndi zomwezi zimene mwana wa ku Chipata angazigwire ndi manja ake pa tebulo la kunyumba. Aphunzitsi a sayansi m'masukulu athu a sekondale, ndikukupemphani muiganizire nkhaniyi, rimoti imodzi ndi zamagetsi za ndege imodzi zikhoza kuphunzitsa kalasi yonse.

Za kumene mungaulutsire, mlengalenga muli ndi eni ake. Zambia Civil Aviation Authority ndiyo imayang'anira zouluka m'dziko muno, kuphatikizapo zopanda woyendetsa m'kati, ndiye funsani malamulo awo musanayambe. Khalani kutali ndi bwalo la ndege la Chipata ndi la Mfuwe, kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo musaulutse pamwamba pa anthu kapena nyumba. Bwalo la sukulu pemphani kwa ahedi, dambo la kumudzi pemphani kwa amfumu. Ana adzakhamukira, zimenezo n'zosapeweka, aimikeni onse kumbuyo kwanu. Pafupi ndi mapiri ozungulira tauni yathu mphepo imazungulirazungulira, ndiye funani poyera. Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya mphepo ndi akamvuluvulu, si yophunzirira. Ulendo woyamba upangeni m'mamawa kukali bata, ndipo poponya ndegeyo mphuno yake iloze kumene mphepo ikuchokera.