Lokeshoni yanuyo sikundifikitsa

Abale, lekani kunditumizira kadontho pa WhatsApp ndikafunsa njira. Masiku ano ukafunsa munthu kuti kwanu ndi pati, amangoti "ndakutumizirani lokeshoni", basi wathana nawe. Ndiye iwe uli pa kabaza ku Area 25, dzuwa likuswa mtengo, bandulo ikutha, kamuvi ka pafoni kakungozungulira, kenako kakuti ulowe pampanda wa eni ake. Wakabaza naye watopa: "Bwana, tikhote kapena tipitirire?"

Kale munthu ankalongosola bwinobwino: mukatsika pa Nsungwi mudutse chigayo, muona mtengo waukulu wa mango, nyumba yake ndi ya khonde lofiira. Ukasochera, ana osewera mpira ankakuperekeza mpaka pakhomo. Lero nyumba zabisala kuseri kwa mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo, khonde silioneka, ndipo mwini nyumba sadziwa n'komwe dzina la golosale yomwe amagulako buledi.

Ukamuimbira akuti, "Imani pakanyumba ka ajenti wa ndalama za pafoni." Katiko? Msewu wonse ndi timanyumba tomweto, utoto wake wofanana! Tangotulukani pageti mudzandichingamire, wakabaza akufuna ndalama yake.