Mwana akufuna za mafizo ku America? Musagule dzina la koleji

Makolo anzanga amene muli kuno ku America, komanso inu akumudzi amene mukukonza zotumiza ana kuno, pali nkhani imene yakhala ikundivuta mumtima. Mwana akangoti akufuna kudzagwira ntchito ya mafizo, ambirife timathamangira kufunsa kuti koleji yotchuka ndi iti. Ine ndikuti funso limeneli likulowetsa ana athu m'ngongole zosafunika.

Kwathu, mwana akasankhidwa ku KUHeS ku Blantyre amaphunzira za mafizo pa digiri yoyamba. Kuno si choncho. Amayamba wamaliza digiri ya zaka 4, kenako n'kukapikisana ndi anzake kuti alowe DPT, digiri yapamwamba ya za mafizo, imene imatenga zaka pafupifupi 3. Akamaliza alembe mayeso a NPTE kuti apeze laisensi. Ofuna kuthandiza ana ovutika kulankhula, kapena ofuna occupational therapy, ntchito yothandiza odwala kuti azitha kuchita ntchito za tsiku ndi tsiku, nawonso ayenera kupitiriza mpaka masitazi. Ndiye koleji yoyambayo ndi mlatho chabe, ndipo mlatho sitiufunsa kukongola, timaufunsa ngati uwolotse.

Mafomu a sukulu zambiri za DPT amadutsa pa PTCAS, webusaiti yofunsirapo malo m'sukuluzi. Kumeneko chimene amayang'ana kwambiri ndi magiredi a anatomy, physiology, biology, chemistry, physics, psychology ndi statistics. Kaya digiri ya mwana ndi ya biology kapena ya mbiri yakale, bola maphunziro amenewa achite. Sukulu zambiri zimalemba kuti zikufuna GPA, kutanthauza avereji ya magiredi, ya 3.0, koma otengedwa ambiri amakhala cha m'ma 3.5. C ya physics ndi C basi, ngakhale ichokere ku yunivesite yomveka dziko lonse. Ndipo mwana akabwereza phunziro, PTCAS imawerengera magiredi onse awiri, yoyambayo siifafanizika.

Apa ndi pamene ndimafuna tiganize mofatsa. Ku mayunivesite akuluakulu, chemistry ya chaka choyamba amaphunzira m'holo ya anthu mazana, mphunzitsi ali kutali ndi maikolofoni, wosadziwa dzina la mwana aliyense. Mwana wathu, amene tinamulera kuti asamayankhe akuluakulu mwachisawawa, amangokhala kumbuyo osafunsa kanthu. Pakapita zaka 3 akufunika kalata yomuchitira umboni pofunsira DPT. Ailemba ndani? Ku koleji yaing'ono, kumene mphunzitsi amaona kuti lero mpando wakuti ulibe munthu, kalata imeneyo imatuluka ili ndi nkhani zenizeni za mwanayo. Sindikunyoza mayunivesite akuluakulu, alipo ana olimba mtima amene amachita bwino kumeneko. Koma kholo lililonse limamudziwa mwana wake.

Chinanso ndi maola oonerera ntchito. Sukulu zambiri zimafuna kuti mwana akhale ataima pambali pa katswiri wa mafizo, n'kuona momwe amamangira lamba m'chiuno mwa gogo amene anadwala sitiroko, kumudzutsa pampando pang'onopang'ono, kumuwerengera masitepe mpaka pakhomo. Katswiriyo ndiye amatsimikiza maolawo. Tsono ngati koleji ili kutali ndi zipatala, mwana alibe galimoto, basi imadutsa mwa apo ndi apo, maolawo awapeza bwanji m'nyengo ya chisanu? Yang'anani mapu musanalipire dipoziti.

Za ndalama ndisabise. Mwana wa viza ya ophunzira ya F-1 salandira thandizo la boma kudzera pa fomu ya FAFSA, ndipo ku mayunivesite a boma amalipira fizi ya mlendo. Amene muli ndi mapepala, yunivesite ya boma ya m'dera lanu imakhala yotsika mtengo kwambiri. Maphunziro ena oyambirira atha kuchitira ku community college, makoleji a m'dera a zaka 2 aja, ngakhale ndi bwino kufunsiratu chifukwa sukulu zina za DPT zimakonda kuti sayansi achitire ku yunivesite. Zimandiwawa kuona banja likutha mphamvu zonse pa zaka 4 zoyamba, bambo kugwira mashifiti awiri, mayi kuleka kutumiza kangachepe kumudzi, kenako mwana atengedwe ku DPT ndalama zitatheratu.

Njira ina ilipo. Sukulu monga Marquette ku Milwaukee ndi Ithaca College ku New York zimatenga mwana wochokera ku sekondale n'kumusungira malo a DPT, zonse zaka 6, bola asatsike magiredi. Kwa mwana amene watsimikizadi, ndiyabwino, chifukwa mpikisano wachiwiri uja palibe. Koma sukuluzi si za boma, fizi ndi yokwera, ndipo mwana wa zaka 17 atha kusintha maganizo. Ayambe waonerera ntchitoyo ngakhale masiku ochepa asanasaine. Onetsetsaninso kuti pulogalamu ya DPT ndi yovomerezeka ndi CAPTE, bungwe limene limavomereza maphunziro a za mafizo kuno ku America.

Mukapita kukaona koleji, siyani kujambula nyumba zogona ndi bwalo la mpira. Pemphani kukumana ndi mlangizi wa ophunzira ofuna za umoyo, mumufunse kuti chaka chatha ana awo angati anafunsira DPT, angati anatengedwa, ndipo anapita sukulu ziti. Funsaninso amene amaphunzitsa anatomy, komanso kuti m'kalasi mwake mumakhala anthu angati.