Chenjezo kwa abale a ku Joni: nenani za nyumba yoopsa anthu asanafe

Abale anga amene muli ku Johannesburg ndi madera ozungulira, ndikulemba ngati mkulu wanu, ndipo mawu anga sakhala otsekemera. Munthu akamwalira kuno timasonkha ndalama za bokosi ndi za galimoto yopititsa maliro kumudzi mwachangu chodabwitsa, koma nyumba imene aliyense akuona kuti tsiku lina idzapha anthu timangoipenya, n'kumauzana kuti ndife alendo, tisapute eni dziko. Khalidwe limeneli ena amalitcha ulemu, koma ine ndikuti ndi kutayirira.

Usiku wolowera pa 31 Ogasiti 2023 moto udabuka m'nyumba yansanjika ya Usindiso, pa 80 Albert Street ku Marshalltown, ndipo anthu 76 adafa, pakati pawo ana, Amalawi anzathu ndi abale a ku Tanzania. M'kati mwa nyumbayo anthu adali atagawa zipinda ndi matabwa ndi mapepala apulasitiki, magetsi adali okoka mwakuba, njira zothawira ngozi zidali zotsekedwa, kotero kuti ena adachita kudumpha pawindo kuchokera m'mwamba. Bungwe lofufuza limene lidatsogozedwa ndi a Sisi Khampepe, amene kale adali woweruza ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, lidatulutsa lipoti lake mu Meyi 2024. Lidapeza kuti khonsolo ya mzinda, imene ndiyo mwini nyumbayo, idadziwa za vutoli kwa zaka ndithu koma sidagwiritse ntchito malamulo ake omwe. Choncho sindikukunamizani kuti mukangonena, mawa lake zonse zikonzeka. Maofesi amazengereza. Koma ofesi imene ili ndi kalata yanu, yokhala ndi tsiku ndi nambala ya dandaulo, ilibenso pothawira ponena kuti sinkadziwa, ndipo loya amene angakuthandizeni amayambira pa pepala lomwelo.

Tayang'anani m'chipinda chimene mukugonamo usiku uno. Chingwe chimodzi chochokera kwa mnansi chikudyetsa ketulo, chitofu, hita ndi mafoni a nyumba yonse. Soketi yada, ikununkha pulasitiki wopsa, inu mwangoikulunga ndi tepi. Chimbudzi chidatsekeka kalekale ndipo ndowa ili pakhonde pamene ana amasewera. Khoma lachita nkhungu yakuda, mwana akutsokomola osaleka, amake akungomugulira mankhwala a chifuwa pagolosale. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mumalowetsa mbaula m'chipinda chopanda windo n'kutseka chitseko, mukudziwa bwino kuti mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo. Chimene chimandiwawa koposa ndi geti lachitsulo la pamasitepe limene limakhomedwa ndi loko usiku poopa akuba, kiyi n'kukhala m'thumba la munthu mmodzi amene mwina wapita ku ntchito ya usiku. Zina mwa izi ndi mlandu wa landilodi, koma zina mukuchita ndinu, ndipo zimenezo lekani lero lomwe osadikira boma.

Za landilodi zili ndi njira yake. Yambani mwa kumulembera, ngakhale pa WhatsApp, kutchula chimene chaonongeka ndi tsiku limene mwamuuza. Jambulani zithunzi n'kuzitumizanso kwa m'bale wina, chifukwa foni imabedwa. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati landilodi azipereka lisiti pa ndalama iliyonse imene walandira, ndiponso kuti mgwirizano wa lendi ulembedwe ngati wokhala m'nyumbayo wapempha. Inu amene mumapereka lendi pamanja mumdima wa pakhonde popanda kapepala, mudzasonyeza chiyani tsiku limene adzakukanani?

Akapanda kukonza, kanenani ku khonsolo. Za zimbudzi, madzi oipa, makoswe ndi zinyalala zimapita kwa oyendera zaumoyo. Za makoma ong'aluka ndi zipinda zomangidwa popanda chilolezo zimapita kwa oyendera zomangamanga. Za makomo otsekedwa ndi kusowa kwa zozimitsira moto zimapita ku nthambi ya ozimitsa moto. Musachoke kapena kudula foni musanapatsidwe nambala ya dandaulo lanu, ndipo muilembe pamalo awiri. Palinso Rental Housing Tribunal, bwalo loona mikangano ya lendi, kumene kudandaula n'kwaulere ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Mukapereka dandaulo kumeneko, landilodi saloledwa kukutulutsani mpaka bwalolo litagamula kapena itatha miyezi 3, koma inunso muyenera kupitiriza kulipira lendi. Mfundo yomalizayi muimve bwino, chifukwa ambiri amapsa mtima n'kuleka kulipira, potero n'kupatsa landilodi chifukwa chowatengera ku khoti.

Ndikudziwa chimene chimakutsekani pakamwa. Wina akuopa kuti katundu wake amutayira panja, wina pasipoti yake idatha, wina akukhala m'nyumba yolandidwa imene wotolera lendi si mwini wake koma munthu woyenda ndi mfuti. Mantha amenewa si achibwana, ndipo sindingauze munthu wotere kuti angodzuka yekha kukagogoda pa ofesi. Koma dziwani kuti gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limati munthu aliyense asatulutsidwe m'nyumba yake popanda chilolezo cha khoti, ndipo silinena kuti nzika zokha. Mu 2008, pa mlandu wa Olivia Road, khoti lidalamula kuti khonsolo izikambirana moona mtima ndi anthu okhala m'nyumba zoopsa isanawachotse, ndipo mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, lidati khonsolo ili ndi udindo wopezera pogona pongoyembekezera anthu amene akatulutsidwa angagone pamsewu. Amene mapepala ake sali bwino ayambe wafunsa nzeru ku mabungwe a maloya oteteza ufulu wa anthu monga SERI kapena Lawyers for Human Rights, ndipo dandaulo lilembedwe m'dzina la anthu onse a m'nyumbamo, otsogolera akhale amene mapepala awo ali m'malo. Mutu umodzi susenza denga. Magulu athu a maliro ndi a mipingo, amene ali kale ndi apampando, alembi ndi asungichuma, akulephera bwanji kulemba kalata imodzi yotere?

Mawu otsiriza apite kwa inu Amalawi anzathu amene mwasanduka malandilodi a nyumba za eni. Mumatenga fulati ya zipinda ziwiri, n'kuidula ndi makatani ndi matabwa, n'kulowetsamo mabanja asanu ongofika kumene kuchokera ku Mangochi kapena ku Mzimba, amene sadziwa kolowera ndipo amakuthokozani ngati mwawachitira chifundo. Akadandaula za magetsi mumawaopseza kuti muwaitanira apolisi a zolowa ndi kutuluka. Wochita zimenezi akakhala mlamu wanu kapena mkulu wa mpingo wanu, dzina lake lilembedwe m'dandaulo chimodzimodzi ndi la landilodi wina aliyense.